Wa ku Dar es Salaam wodzera ku London

Aliyense amene anayesapo geni ya zitenje pa Madisi pano akudziwa kuti phindu limathera m'kamwa mwa womasulira. Ukafika kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam usakudziwa Chiswahili, mtengo amapangana ndi mwini sitolo ndi dobadoba, iwe uli duu ngati mlendo pamaliro. N'chifukwa chake ndinaika Duolingo m'foni mwanga, pulogalamu yodziphunzitsira zilankhulo imene inayamba kuphunzitsa Chiswahili mu 2017.

Mphunzitsi ameneyu ngwoleza mtima. Sakalipa, saseka, satopa. Liwu limodzi ulibwereze kakhumi, iye ali phee. Malipiro ake ndi bandulo basi, ndi kandalama kotchajitsira foni magetsi akazima.

Komatu pali chimene chimandiwawa. Kuti akuphunzitse Chiswahili, amayamba wakufunsa Chingerezi. Akati "maji", tanthauzo lake akuuza m'chizungu. Abale inu, maji ndi madzi mpaka tikafunse kwa mzungu? Nyumba ndi nyumba, moto ndi moto, mbuzi ndi mbuzi, "mvua" ndi mvula yathu yomweyi itaguluka dzino limodzi. Zilankhulozi n'zapachibale, koma makinawa akutidzeretsa ku London. Ndipo pamene pali msampha wa ife Achewa sachenjeza, poti Chichewa sachidziwa: kwa Mswahili "moyo" ndi mtima, ndipo "ndege" itha kukhala mbalame.

Mayi anga sukulu analekezera Sitandade 3, ndiye kwa iwo pulogalamuyi ndi chitseko chokhoma. Koma akati anenerere mtengo m'Chiswahili, ine wa foni ndimatsalira. "Bei gani? Punguza!" Anatola zimenezi pagolosale ya mayi wina wa ku Burundi, pogula sopo ndi mchere tsiku ndi tsiku. Mu 2023 boma litalamula kuti othawa kwawo onse abwerere kumsasa wa Dzaleka, golosaleyo inatsekedwa, sukulu ya mayi nayo n'kuthera pomwepo.

Foni sinditaya ayi. Imandipatsa mawu usiku ana atagona, popanda manyazi. Koma kukakamira pamtengo, kunamizira kuchoka kuti akuitanenso, kuseka pamene pafunika kuseka, zimenezo amaphunzitsa ndi munthu.

Tsono inu anyamata a makompyuta ku Lilongwe ndi ku Zomba, tipangireni yoyambira pa Chichewa. Amene akuifuna kwambiri ndi omwe Chingerezi chinawadutsa.