Chikuto cha nyimbo yopanda gitala

Ndine wolemba zikwangwani. Ntchitoyi ndinaiphunzira ndi burashi ndi penti, kulemba maina a magolosale, mabala ndi masaluni m'mbali mwa msewu wa Great East kuno ku Chinyunyu, makilomita oposa 80 kuchokera ku Lusaka. Kompyuta inabwera pambuyo, ndipo inandikokera makasitomala a mtundu wina: anyamata amene amapanga nyimbo kuchipinda chogona, pa laputopu yokhala ndi FL Studio, nafuna chikuto choti nyimboyo iyende nacho pa WhatsApp, Audiomack kapena Boomplay. Ena ndi a kuno ku Rufunsa, ena amachokera ku Chongwe. Chakudya cha ana anga chimachokerabe ku maposita a misonkhano ya mpingo ndi makadi a ukwati, koma ntchito imene imandigoneka mochedwa ndi iyi ya zikuto.

Sindiyamba kujambula ndisanamve nyimbo. Mnyamata akabwera ndi dzina la nyimbo lokha, nati biti ikadali kwa pulojusa, ndimamubweza. Dzina limanama. Nyimbo yotchedwa ya chikondi ikhoza kukhala ya ng'oma yolemera yovinidwa pakati pa usiku, ndipo ukaijambulira maluwa, amene akanaivina amaidumpha, amene aitsegula amakhumudwa. Choncho ndimaiseweretsa pa sipika yaikulu kaye, kenako pa foni, chifukwa ambiri adzaimvera pamenepo. Chimene ndimasaka ndi kayendedwe ka ng'oma: ikuthamanga kapena ikuyenda, ikugunda mofanana kapena ikudumphadumpha, yasiya mpata kapena yadzaza paliponse.

Akale athu analibe vuto losowa chojambula pa chikuto. Nthawi ya Zamrock, m'zaka za m'ma 1970, magulu ngati WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family anali anthu ooneka ndi maso, a tsitsi lalikulu, mabuluku otambalala kumapazi, magitala m'manja. Kalindula atatenga malo m'ma 1980, a Amayenge, Masasu Band ndi PK Chishala nawonso anali ndi zida zoti munthu n'kuzijambula. Kampani ya Teal inkadinda zimbale ku Ndola, ndipo chikuto cha chimbale chachikulu chinali masentimita 31 mbali zonse, malo okwana gulu lathunthu. Kaseti inachepetsa malowo, CD inawaika pa masentimita 12. Lero ntchito yanga imaonekera pa kabokosi kosaposa chala chachikulu, munthu akutsetsereza foni m'basi.

Nanga nyimbo ya pakompyuta ujambula chiyani? Mulibe gitala, mulibe woimba ng'oma. Mnyamata atakhala pa laputopu, mahedifoni kumutu, amangooneka ngati kalaliki wa pa depoti ya chimanga. Ndiye chikuto chiyenera kuonetsa china: kulemera kwa mawu, nthawi imene nyimboyo imavinidwa, ndi malo ake.

Taonani amapiano, imene anyamata ambiri akuithamangira. Inabadwira m'makomboni a Pretoria ndi Johannesburg m'zaka za m'ma 2010, ndipo kuno inafika mwamphamvu a Kabza De Small ndi DJ Maphorisa atatulutsa Scorpion Kings mu 2019. Siithamanga: imayenda pafupifupi mabiti 112 pa mphindi, pamene house imapitirira 120. Imayamba ndi maseche okhaokha kwa nthawi yaitali, ndiye log drum n'kugwa, mawu okhuthala aja amene amachokera mu kachipangizo ka Fruity DX10 mu FL Studio momwemo. Nyimbo yoleza mtima chonchi siifuna chikuto chothithikana. Ndimasiya malo aakulu opanda kanthu, ndimasankha mtundu umodzi wofunda, wagolide kapena wa dzuwa lolowa, zilembo zoonda pang'ono, ndipo pansi ndimaika chinthu chimodzi chakuda ndi cholemera choimira besi. Gqom ya ku Durban ndi ina: ng'oma yake ndi yodukaduka, yamdima, ndipo pamenepo ndimapita ku zakuda ndi zotuwa, zilembo zokhuthala zong'ambika m'mphepete. Kuno aigwira ndi ochepa, koma ndikaipatsidwa ndimasangalala chifukwa dzanja langa la burashi limapeza ntchito.

Pali chinthu china chimene ambiri sachiona: dongosolo la maina. Mu nyimbo zathu za kuno, zimene timazitcha za Zed, kuyambira masiku a Mondo Music cha m'ma 1999, pamene Daddy Zemus, Black Muntu, Shatel ndi JK anatchuka ndi mabiti a pakompyuta, mwini nyimbo ndi woimba. Nkhope yake ndiyo imagulitsa, ndipo pulojusa amangotchulidwa pakamwa kumayambiriro. Mu amapiano zinatembenuka. Dzina loyamba nthawi zambiri ndi la wopanga biti, oimba n'kubwera pambuyo ngati alendo, nthawi zina anayi kapena asanu. Munthu wodziwa nyimbo akaona mndandanda wotere amazindikira mtundu wake asanaitsegule. Kwa ine ndi mutu wopweteka, chifukwa aliyense amafuna dzina lake likule kuposa la mnzake, ndipo kabokosi ndi kamodzi komweko. Ndimawauza akakanganirane kunja, abwere ndi pepala limodzi lolembedwa.

Azungu anakumana kale ndi funso lija la chojambula pa nyimbo yopanda gitala. Gulu la Kraftwerk la ku Germany, limene ambiri amalitenga ngati agogo a nyimbo zamakina, linatulutsa Autobahn mu 1974, ndipo chimodzi mwa zikuto zake ndi chikwangwani cha msewu chabe, choyera pa buluu. Mu 1983 Peter Saville anajambulira gulu la New Order chikuto cha Blue Monday chooneka ngati disiki ya kompyuta ya nthawi imeneyo, yoboola pakati, popanda nkhope ya munthu kapena dzina lowerengeka kutsogolo. Onsewa anajambula zimene zinali pamaso pawo, msewu wawo ndi makina awo. Ndimawatchula dala kwa anyamata anga, chifukwa mkangano wathu waukulu uli pamenepo.

Amalowa atanyamula zithunzi zotola pa intaneti. "Ba mudala, mundiikire galimoto iyi kumbuyo, madola pansi, na nyumba zitalizitali za ku Sandton." Ine ndimafunsa kuti, "Iwe mwana wanga, amene adzayambe kuivina nyimboyi ndani?" Ndi anzake a pa bala ya pamsika, amene amamuona tsiku lililonse akukankha njinga. Chikuto chotere chimaseketsa a kwanu, ndipo kwa a kutali sichinena kanthu, poti zonga icho aziona zikwizikwi. Tsopano kwabweranso zithunzi zopangidwa ndi AI, zosalala mopitirira, ndipo ukaziyang'anitsitsa umapeza dzanja la zala zisanu ndi chimodzi.

Pamene Chinyunyu ali ndi zake. Pa akasupe a madzi otentha, m'mamawa mwezi wa June kukuzizira, nthunzi imakwera yokha, ndipo munthu akaima patsogolo pake dzuwa lili kumbuyo, chithunzi chimatuluka chimene situdiyo ya mu Lusaka ingalipiritse ndalama zambiri. Usiku malole opita ku Chipata, ku Malawi ndi ku Mozambique amadutsa osaleka. Ukakhazika kamera pamwala n'kuisiya yotsegula masekondi angapo, nyali zawo zimasanduka mizere yaitali yofiira ndi yachikasu, ndipo sindinaone chinthu choyenerana ndi house kuposa mizere imeneyo. Ngakhale matumba a makala ondandalikidwa m'mbali mwa msewu, akajambulidwa pafupi popanda mitundu, amanyamula gqom bwino lomwe. Sikuti onse amavomera. Ena amaumirira galimoto, ndipo ndimawaikira, poti ndalama ndi zawo. Koma chizindikiro changa sindiikapo.

Za manja zenizeni ndi izi. Ndimagwira pa Photoshop, zilembo ndimakonzera mu CorelDRAW, ndipo magetsi akathima ndimamalizira pa foni ndi PixelLab. Makampani amene amalowetsa nyimbo pa Spotify ndi Apple Music amafuna chithunzi chofanana mbali zonse, kawirikawiri mapikiselo 3000 kwa 3000, ndipo amakana chikuto chokhala ndi nambala ya foni, mtengo kapena adilesi ya pa intaneti. Choncho ndimapanga ziwiri: choyera cha kumeneko, ndi china cha pa WhatsApp chokhala ndi nambala yoti a mabala ndi a maukwati amupezerepo. Khungu lathu lakuda limafuna chisamaliro. Ukaliwalitsa ndi buluu kapena pepo, mitundu imene anyamata a nyimbo zausiku amaikonda, nkhope imamira, choncho ndimasiya kuwala kofunda mbali imodzi ya tsaya. Ndikamaliza ndimachepetsa chithunzicho mpaka kakang'ono, n'kuima patali. Dzina likapanda kuwerengeka, ndimachotsa zinthu, sindiwonjezera.

Zosindikiza zili ndi msampha wake. Galasi la foni limapanga mitundu ndi kuwala, makina osindikizira amaipanga ndi inki zinayi, ndipo pepo wowala uja akafika papepala amazilala n'kukhala wamatope. Ndisanatumize posita kapena bana ku Lusaka ndimamuonetsa kasitomala mmene idzatulukire, kuti tisadzayambane basi ikafika. Amene amafunabe chinthu chogwirika ndi makwaya ndi oimba nyimbo zauzimu za pa kiyibodi. Iwo amagulitsa pakhomo la tchalitchi, kale ma CD, tsopano kwambiri mafulashi ndi mamemore khadi. Fulashi ilibe polemba, ndiye ndimasindikiza kakhadi kolimba kokhala ndi chithunzi kutsogolo, mndandanda wa nyimbo kumbuyo, n'kumangirirapo fulashiyo m'kapepala ka pulasitiki. Zoyera ndi zabuluu, yunifolomu yoonekera bwino, aliyense wa m'kwaya apezeke. Kumeneko sindiyesa zachilendo.

Dzina la nyimbo sindilikonza ndekha. Kuno anthu amasakaniza Chisoli, Chinyanja, Chibemba ndi Chingerezi m'mzere umodzi, ndipo kalembedwe kamene ine ndingakaone kolakwika ndi kamene anzake a mwini nyimbo amakadziwa.

Kwa inu amene mukubwera: bweretsani nyimbo yomalizidwa, maina onse olembedwa papepala m'dongosolo lomwe mwagwirizana, ndipo chithunzi chanu mutumize ngati dokyumenti, chifukwa WhatsApp imachifinya chikatumizidwa wamba. Theka la ndalama ndi poyamba.