Mcheni wa ku Cahora Bassa

Bambo anga anabadwira ku Zóbuè, kumapiri kumene nsomba yaikulu ndi mlamba wa m'khwawa. Anatsikira ku Zambezi damu la Cahora Bassa litayamba kudzaza kumapeto kwa 1974, n'kumanga msasa pakachilumba kamene kale kanali chitunda chodyetsapo mbuzi. Pomwepo ndi pamene ndinaphunzirira ntchito yanga yoyendetsa boti la alendo odzawedza mcheni.

Alendowo anachedwa kubwera. Mpaka nkhondo yapachiweniweni kutha mu 1992 tinkadalira pende: kumung'amba, kumuthira mchere, kumuyanika pathandala. Ndiyo nsomba mumaigula mumsika wa Moatize pa dzina loti chicoa, ina n'kuolokera ku Mwanza kudzera pachipata cha Zóbuè. Mtendere utabwera, azungu a ku Zimbabwe ndi South Africa anayamba kufika atanyamula ndodo zawo zowedzera. Ife tinamanga tinyumba taudzu, amayi n'kutenga mbali yophika.

Chiwongolero aliyense angathe kuchigwira. Chovuta n'kudziwa zimene zili pansi. Madzi anamiza nkhalango ya tsanya, mtengo wosawola msanga, ndipo zitsa zake zidakaimabe. Tinsomba timabisala pamenepo, mcheni amasaka pamenepo, nayo injini ya munthu wosadziwa imathyokera pomwepo. Komanso madzi sakhala pamodzi: ku Songo akatsegula zitseko za damu, njira imene unadutsa bwinobwino chaka chatha imasanduka msampha. N'chifukwa chake ndimayang'ana mzere wa madzi pathanthwe ndisanalize injini.

Mano a mcheni amadula nayiloni ngati lumo, choncho pafupi ndi mbedza timamangapo waya. M'kamwa mwake ndi mouma, fupa lokhalokha, mbedza siikola msanga. Akaluma amathawa ndi chingwe, kenako n'kulumpha akupukusa mutu. Apa ndimakuwa: "Musatayirire, bwana, kungani chingwe!" Ambiri amangoti kukamwa yasa, nsomba yapita. Mcheni amaluma kwambiri kukatentha, kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba, ndipo sakhala kutali ndi kapenta, kansomba ka ku nyanja ya Tanganyika kamene anakathira ku Kariba m'zaka za m'ma 1960, iko n'kutsika kokha ndi mtsinje.

Zojambula nsomba n'kuibwezera m'madzi bambo anamwalira asanazimvetse. Kwa iwo kunali kutaya ndiwo. Ine ndimaona mwina. Mcheni ndi waminga yambiri, pamsika sapikisana ndi pende, koma akakhala wamoyo amandiitanira mlendo wina chaka chamawa.

Malasha atayamba kukumbidwa kwambiri ku Moatize mu 2011, tinapeza alendo atsopano, antchito a kumigodi obwera Loweruka. Awa ndi anzathu, sangabwerere kunyumba chimanjamanja, ana angawaseke. Timagwirizana tisanakwere boti: mcheni abwerere m'madzi, iwo ndiwamangira mtolo wa chicoa.