Penti Sagwira pa Njereza

Chinkhoswe cha mlongo wanga chinali Loweruka lomaliza la Ogasiti chaka chatha. Kutatsala milungu isanu, amayi anaima pakati pa balaza, nkuyang'ana makoma onse anayi, kenako anapukusa mutu. "Alendo a ku Ntcheu adzadyere muno? Adzati ndife anthu otani?" Kunena zoona makomawo ankamvetsa chisoni. Pamwamba panali mwaye wa mbaula ndi nyali, m'munsi zala za ana a achimwene, pakona mng'alu umene unabwera ndi mvula ya Freddy mu Malichi 2023. Bambo ndi amene ankapaka njereza chaka chilichonse Khrisimasi ikayandikira. Chimwalirireni iwo mu 2019, palibe anagwirapo burashi.

Mmisiri amene tinamuitana anatchula mtengo woti amayi anangoseka. Ndalama imene anali nayo inali ya manachesi, amene amagulitsa m'mbali mwa msewu kwa madalaivala a mathiraki opita ku Zobue ndi Tete. Ndalamayo inkayenera kugulanso mpunga, nkhuku ndi nsalu. Apa mpamene ine ndinadzuka. Digiri ndinatenga ku Zomba mu 2021, mpaka pano ikugona m'sutikesi, ndipo munthu ukakhala pakhomo osagwira ntchito umafunitsitsa chinthu chimodzi choti anthu aloze kuti ichi wapanga ndi uje. Ndinati, "Amayi, ingogulani penti. Zinazo ndisiyireni."

Ndinagula bandulo, ndinaonera mavidiyo a pa YouTube mpaka usiku. M'mawa ndinapita pa boma kukatenga ndowa ya malita 20 ya penti wamadzi. Amene mwagulako zinthu za mu hadiweya chichokereni kugwa kwa kwacha mu Novembala 2023 mukudziwa mmene mtima umapwetekera. Ndinapenta tsiku limodzi, mokhathamiritsa, osasungunula, osatsuka khoma. Madzulo chithunzi chinali kale pa status, anzanga akundiponyera timoto. Tsiku lachitatu khoma linayamba matuza. Lachinayi penti ankasendeka ngati makoko a mbatata yophika. Theka la ndowa linali litapita. Amayi sanandikalipire ayi. Anangotenga tsache nkumasesa tizidutswa toyerato m'mawa uliwonse, ndipo ndikanakonda akanandikalipira.

Loweruka kunabwera amalume kuchokera kwa Kunenekude kudzakambirana za chinkhoswe, poti ndiwo ankhoswe. Iwowa anakhala zaka zambiri ku Bulawayo, ntchito yawo yopenta nyumba. Ine ndinkadziwa zimenezi, kungoti sindinawafunse. Analowa, anayang'ana, sananene kanthu. Anapita pakhoma la m'kolido limene ndinali ndisanaligwire, analisisita ndi chikhatho, nkundionetsa. Dzanja lonse mbuu.

"Mphwanga, waona? Njereza ndi ufa. Iwe wamata penti pa ufa, ndiye agwire chiyani? Ku sukulu kuja sanakuuzeni kuti safunsa anadya phula?"

Anagona masiku anayi, ndipo pa masiku atatu oyamba sitinatsegule ndowa ija. Tinatulutsa mipando, pansi tinayala manyuzipepala ndi matumba akale a feteleza. Khoma tinkalinyowetsa pang'ono ndi madzi kenako nkumapala ndi chitsulo mpaka pulasitala aonekere, titamanga nsalu kukamwa ndi kumphuno. Mwaye tinautsuka ndi madzi a sopo waufa, chifukwa ukausiya umadzatulukira pamwamba pa penti ngati chikasu. Pamene panali nkhungu, kuseri kwa kabati, tinapukuta ndi madzi othira Jik pang'ono. Mng'alu uja amalume anayamba aukulitsa ndi nsonga ya chitsulo, ine nkudabwa kuti akuonongeranji. Anati dothi lomata limafuna poluma. Anaunyowetsa, anamata simenti yosakaniza ndi mchenga wosefa, itauma tinasalaza ndi sandipepa. Kenako tinasiya mawindo otsegula kuti khoma liume. Pa ichi sankanyengerera: khoma lachinyontho silipentedwa, nchifukwa chake ntchitoyi ndi ya chilimwe, ndipo pulasitala watsopano amafuna pafupifupi mwezi.

Anandiphunzitsanso masamu amene ndikanayenera kuyambira. Balaza lathu ndi mamita 4 kwa 5, kutalika kwa khoma 2.7. Kuzungulira ndi mamita 18, kuchulukitsa ndi 2.7 tikupeza pafupifupi masikweya mita 49, tisanachotse chitseko ndi mawindo. Pachitini amalemba malo amene lita imodzi imakwana, ndipo khoma lokhakhala limamwa kuposa pamenepo. Makoti awiri, penti wotsala uja anali wongokwanira ndendende. Chimene chinkasowa ndi penti woyambira, uja amati pulaima, womanga fumbi lotsalira kuti wapamwamba agwire. Kwa amayi sindikanabwererakonso. Ndinagulitsa sipika yanga ya Bluetooth kwa mnyamata wa kabaza nkukagula malita 5.

Kupenta kwenikweniko kunali kosavuta moti ndinachita manyazi. Takasa penti ndi ndodo mpaka pansi pa ndowa. Madzi thira mmene alembera pachitini, osati mmene thumba likufunira. Yamba kumwamba kutsika pansi. M'makona ndi m'mphepete mwa mafelemu dutsamo kaye ndi burashi yaing'ono, kenako rola itsatire penti adakali wamuwisi kuti pasaoneke mzere. Rola osaimiza yonse m'ndowa, ndiponso osaikanikiza; uziyendetsa chokwera ndi chotsika, mzere uliwonse uziluma unzake. Khoma ukaliyamba ulimalize, tiyi ukamwe pakona. Koti yoyamba imaoneka yamawangamawanga ndipo dzanja limayabwa kuti ubwerezepo pomwepo. Amalume anandimenya kadzanja: "Usiye! Makoti awiri opyapyala amaposa imodzi yonenepa." Tinadikira maola angapo, ndipo usiku rola tinaikulunga mu jumbo kuti isaume. M'munsi tinakoka chingwe chopaka makala, nkuchithwanitsa pakhoma kuti chisiye mzere woongoka, ndipo tinapakamo penti wamafuta wofiirira, woti ana akadetsa umangopukuta. Burashi ya penti ameneyo imatsukidwa ndi thina kapena palafini, madzi sachita kanthu.

Pa tsiku lopala lija, nditafika kuseri kwa chitseko, ndinapeza zolemba za pensulo zimene penti wanga woyamba sanazifikire. Zinali za bambo. Chaka chilichonse ankalemba matumba a chimanga amene takolola, ndipo popaka njereza ankazilambalala. Mzere womaliza unali wa 2019. Pambali pake panali manambala ena ang'onoang'ono, ndipo nditayang'anitsitsa ndinazindikira kuti ndi fizi yanga, semesita ndi semesita, pena atalembapo "ngongole". Ndinaima ndi chitsulo m'manja. Amalume anasuzumira, anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Apa mata tepi mozungulira. Sipopenta apa."

Pa tsiku la chinkhoswe alendo anadya mpunga wawo pabalaza, anaseka, anajambulitsa. Palibe ndi mmodzi yemwe ananenapo za makoma, ndipo amalume akuti ndiye kuti ntchito inagwirika, chifukwa khoma anthu amaliona likakhala loipa. Madzulo onse atapita ndinapeza amayi atatseka chitseko chija, akuwerenga kabokosi ka njereza yakale kamene tinakasiya. Pansi pa 2019 anali atalembapo 2024 ndi matumba a chaka chimenecho.

Mwezi watha mayi ena oyandikana nafe anandiitana kuti ndikawapentere chipinda cha lendi. Anali atagula kale penti, akufuna ndiyambe tsiku lomwelo. Ndinalowa, ndinasisita khoma ndi chikhatho, nkuwaonetsa dzanja. Ndinawauza kuti ndowayo aibise kaye mpaka Lachinayi, andibwereke ndowa ina yopanda kanthu ndi sopo.