Chipata cha Trinity ku Dublin: Koleji Yomwe Idalandira Otsalira

Mzinda wa Dublin, likulu la dziko la Ireland, udagawidwa pakati ndi mtsinje wa Liffey. Kumwera kwa mtsinjewu, pamalo otchedwa College Green pomwe mabasi amadutsa kosalekeza, pali chipata chamatabwa cha Trinity College, sukulu ya ukachenjede yomwe idakhazikitsidwa m'chaka cha 1592. Mlendo akangolowa pachipatacho, phokoso la mumzinda limatsalira kumbuyo. Amapezeka pabwalo loyalidwa miyala, lozunguliridwa ndi nyumba zakale zotuwa, ndipo chapakati pake pali nsanja ya belu yomwe idamangidwa mu 1853. Ophunzira amati wodutsa pansi pa nsanjayo belu likulira sakhoza mayeso, choncho ambiri amangoizungulira.

Alendo ochuluka amabwera kudzaona Book of Kells, buku la Mauthenga Abwino anayi lomwe lidalembedwa pamanja pa zikopa za ana a ng'ombe cha m'ma 800. Koma kwa amene amagwira ntchito zachitukuko m'midzi, nkhani yaikulu pamalo pano ndi ya anthu omwe akhala akuloledwa kulowa pachipatachi ngati ophunzira. Akatolika adayamba kulandira madigiri pano kuchokera mu 1793. Amayi adadikira mpaka 1904. Anthu a ulumali wa ubongo, omwe amagwira maphunziro pang'onopang'ono, monga ena obadwa ndi Down syndrome, adadikira kufikira zaka za m'ma 2000.

Kudikiraku kudali ndi chifukwa chake. Kwa nthawi yaitali ku Ireland, anthu otere ankatumizidwa ku nyumba zikuluzikulu zosungirako anthu, zambiri mwa izo zoyendetsedwa ndi mabungwe a mpingo. Lipoti la nthambi ya zaumoyo ya boma la mu 2011 lidapeza kuti anthu aulumali pafupifupi 4,000 adali akukhalabe m'malo otere, kutali ndi abale ndi anansi. Ankadya ndi kufunda, koma panalibe wowafunsa ntchito imene akufuna kudzagwira.

Lero mkati mwa nthambi ya zamaphunziro ya Trinity muli likulu lotchedwa Trinity Centre for People with Intellectual Disabilities. Mu 2016 likululi lidayambitsa maphunziro a zaka ziwiri omwe setifiketi yake imazindikiridwa ndi boma pa mlingo wachisanu mwa milingo 10 ya maphunziro a dzikolo. Ophunzira amaphunzira masamu, sayansi, makompyuta, bizinesi, luso la zojambula, ufulu wachibadwidwe komanso kudziyankhulira okha. Amakhala ndi chitupa cha koleji, amawerenga mulaibulale, amadyera limodzi ndi anzawo ophunzira zamalamulo ndi zaudokotala, ndipo akamaliza amavala mkanjo wa maphunziro makolo awo akuonerera.

Komabe pepala palokha silidyetsa munthu. Chomwe chidatchukitsa malowa ndi mlatho womwe adamanga pakati pa kalasi ndi ntchito. Makampani a mumzindawu, kuphatikizapo kampani yowerengera ndalama ya EY, adalowa mgwirizano ndi koleji. Amathandiza ndi ndalama, amalandira ophunzira kuti adzayesere ntchito akadali pasukulu, ndipo omaliza maphunziro amawapatsa miyezi ingapo ya ntchito yolipidwa. Ena mwa iwo adalembedwa ntchito yokhazikika. Wachinyamatayo satayidwa pakhomo la kampani n'kusiyidwa. Kuntchitoko amasankhirwa mnzake womulangiza, ndipo katswiri wochokera ku koleji amathandiza mbali zonse ziwiri: kugawa ntchito m'magawo ang'onoang'ono, kulemba malangizo m'mawu osavuta, kuzolowera ulendo wa basi, ngakhalenso kuphunzitsa mabwana kuyankhula momveka. Paja akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Malo a ophunzira pakolejiyi ndi ochepa chaka chilichonse, ndipo si banja lililonse lomwe lili pafupi ndi Dublin. N'chifukwa chake mu 2024 boma la Ireland lidapereka ndalama kuti makoleji ena m'zigawo zosiyanasiyana atsegule maphunziro ofanana ndi awa.

Wina anganene kuti izi n'zamayiko olemera. Koma pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la mu 2006, lomwe ndime yake ya 24 imakamba za maphunziro ndipo ya 27 za ntchito, mayiko akuno adalivomereza Ireland isanatero: South Africa mu 2007, Malawi mu 2009, Zambia mu 2010, Mozambique mu 2012 ndi Zimbabwe mu 2013, pomwe Ireland idavomereza mu 2018. Maziko alipo kale. Ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, koleji ya Montfort imasula aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera, ndipo ku Mzuzu bungwe la Saint John of God, lomwe lidabwera ndi abale achipembedzo ochokera ku Ireland komweko, limaphunzitsa achinyamata ntchito zamanja. Chosowa kwambiri ndi njira ya mwana akatuluka sukulu ya pulayimale. Ambiri amabwerera kukakhala pakhonde, kapena amagwiritsidwa ntchito yoweta mbuzi ndi kutunga madzi popanda malipiro. Makolo akamakalamba funso lawo limakhala limodzi: ife tikadzapita, ameneyu adzadya kwa yani?

Zomwe zikuchitika ku Dublin sizifuna nyumba zosanjikizana kuti zitheke kwathu. Zimafuna zinthu zitatu: maphunziro okhala ndi setifiketi yodziwika, mlangizi wodziwika dzina pamalo a ntchito, ndi malipiro enieni. Kalabu ya alimi ili ndi nazale ya mitengo yofunika kuthirira m'mawa ndi madzulo, khola la nkhuku, ntchito yosankha mtedza ndi kusoka matumba. Kopaletivi yomwe ingasankhe membala mmodzi wodekha kuti ayende ndi wachinyamata wotere kwa nyengo imodzi ya ulimi, n'kulemba dzina lake m'buku la malipiro pamodzi ndi anzake, idzakhala itayankha funso la makolo aja m'mudzi mwawo momwe.