Mabokosi a veleveti ku Wimpole Street

Za ku London ndingakuuzeni zambiri, koma masiku amvula aja, mizere ya anthu pa masiteshoni ndi tiyi wa mtengo woboola m'thumba tizisiye. Chimene chandigwiritsa cholembera ndi kachipinda kamodzi pa nambala 64, Wimpole Street, kumene bungwe la madokotala a mano la British Dental Association linasonkhanitsa zipangizo zakale za ntchito yawo.

Anandikokera kumeneko ndi achemwali anga, namwino wa ku London. "Achimwene, mwaona kale nyumba za mafumu, tiyeni mukaone kumene anthu ankalirira," anatero.

Nkhokweyi inayamba mu 1919 ndi zitsulo zimene anapereka Lilian Lindsay, mayi woyamba kupeza satifiketi ya udokotala wa mano ku Britain mu 1895.

Chinandigwira mtima poyamba ndi mabokosi osungiramo zipangizo. Matabwa osalala ngwee, m'kati moyalidwa veleveti, chitsulo chilichonse ndi kamphako kake kosemedwa molingana ndi thupi lake, kuti chisagundane ndi chinzake dokotala akamayenda. Zogwirira zake n'za minyanga ya njovu, zina za zigoba zonyezimira za m'nyanja. Ndinaima pagalasipo nthawi yaitali. Mmisiri amene anasema zimenezi ankailemekeza ntchito yake, ndipo ine ndimamuvulira chipewa.

Koma tayang'anitsitsani chimene chagona m'veleveti. Pali chitsulo chotchedwa kiyi, chofala m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800: mtengo wopingasa wogwirira, kumapeto kuli kambedza. Ankakola dzino ndi mbedzayo n'kupotokola. Dzino likakana, limathyokera m'kati, nthawi zina n'kubenthula nsagwada. Ndipo munthu ali maso, akumva zonse, chifukwa ndi mu 1844 pamene Horace Wells anayamba kuzula mano ndi mpweya wopha ululu wa nitrous oxide. Pali makina oboolera dzino a George Harrington a mu 1864, owayinda ndi kiyi, ndi ena opondaponda ndi phazi a James Morrison a mu 1871, enieni ngati makina a telala wa pakhonde la sitolo.

Zogwirira zokongola zija nazo zinali ndi vuto lake. Minyanga siwiritsika, imang'aluka. Choncho chitsulo chinkachoka m'kamwa mwa uyu n'kulowa mwa uyo atangochipukuta. Joseph Lister atafalitsa mu 1867 njira yolimbana ndi tizilombo pa opaleshoni, madokotala pang'onopang'ono anasiya minyanga n'kutenga zitsulo zokhazokha zoti n'kuwiritsa. Kunena zoona, mbale yachitsulo yopanda maluwa ya kuchipatala cha boma ndimaikonda kuposa bokosi lililonse limene ndinaona tsikulo.

Pamene mtima unandiwawa ndi pa mano oikirira. Nkhama zake ankazisema kuchokera ku mano a mvuu za kuno ku Africa, n'kukhomerapo mano enieni a anthu. Amawatcha mano a ku Waterloo, chifukwa nkhondo ya ku Waterloo ya mu 1815 itatha, anthu ankayenda pakati pa mitembo ya asilikali akuzula mano okagulitsa. Ena ankachokera kumanda, ena kwa amphawi amoyo ogulitsa mano awo chifukwa cha njala. Mwana wa munthu kufera kunkhondo, kwawo akulira, mano ake n'kumatafuna nyama m'kamwa mwa munthu wachuma! Mpira wolimba wa vulcanite, umene unabwera m'ma 1850, ndi umene unatsitsa mtengo wa mano oikirira n'kuyamba kuthetsa malonda onyansawa.

Titatuluka, achemwali anandikumbutsa kuti kwathu sukulu yophunzitsa madokotala a mano inangoyamba mu 2019 ku Blantyre, mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow. Ndinawauza kuti ophunzirawo ndikanakonda ataiona kiyi ija ndi maso awo. Iwo anati ndiyambe ineyo kukaonetsa dzino langa lam'mbali limene ndinkatafunira mbali imodzi sabata yonse, ndipo m'mawa mwake anandiperekeza.