Mapiritsi a Ababa ndi mphika wa nandolo

Kwathu kuno munthu akanenepa timati zikumuyendera, ndipo matenda a mafuta timawasiyira mabwana a m'tauni. Ndiye tangoganizani ntchito yofotokozera bambo wa zaka 63, woonda ngati bango, kuti ali ndi mafuta ambiri m'magazi.

Chaka chatha Ababa anadwala kasitiroko kakang'ono. Pakamwa panapindika, dzanja linachita dzanzi, koma Mulungu ndi wabwino, zinabwerera. Kuchipatala, kuwonjezera pa mankhwala a BP, anawapatsa timapiritsi totchedwa simvastatin, tomwa usiku uliwonse. Patatha milungu ingapo anayamba kudandaula ntchafu ndi akatumba. Munthu woti ankapalasa njinga kuchoka ku Lirangwe mpaka ku Lunzu osatsika, tsopano kungodzuka pampando ankachita kuti "mayo ine".

Alangizi ndiye sanachedwe. Azakhali anabwera ndi adyo ndi mandimu. Wina wa kutchalitchi anabweretsa ufa wa chammwamba. Pa gulu la WhatsApp la banja panagwa voice note yoti mapiritsi amenewa amaoletsa chiwindi. Tsiku lina Ababa anandiitana: "Iwe ndi amene unapita ku yunivesite. Tandiuza, ndiwasiye?"

Ndinagula bandulo n'kuyamba kuwerenga. Kolesterolo wambiri m'thupi amapangidwa ndi chiwindi chathu chomwe, makamaka usiku, n'chifukwa chake simvastatin amamwedwa pogona. N'chifukwa chakenso munthu woonda akhoza kukhala naye wambiri. Akachuluka amamatirira m'mitsempha ya magazi mpaka njira kuchepa, ndipo tsiku lina imatsekeka, kaya mu mtima kaya mu ubongo. Mankhwala a mtundu wa statin amachepetsa liwiro limene chiwindi chimapangira kolesterolo. Woyamba anamupeza mu nkhungu wasayansi wa ku Japan, Akira Endo, m'zaka za m'ma 1970.

Kuphwanya kwa minofu n'chimene anthu omwa ma statin amadandaula kwambiri. Koma pali nkhani ina yodabwitsa. Mu 2020, ofufuza a ku Imperial College London anatenga anthu 60 amene anasiya mankhwalawa chifukwa cha zowawa. Miyezi ina ankawapatsa statin weniweni, ina piritsi lopanda mankhwala, iwo osadziwa. Zowawa pafupifupi 90 pa 100 zilizonse zinabweranso ndi piritsi lopanda kanthu lija. Ululu wake ndi weniweni ndithu, koma nthawi zambiri gwero lake si piritsi. Chofunika kuthamangira nacho kuchipatala tsiku lomwelo ndi ululu waukulu, kufooka, ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, chifukwa pamenepo minofu ikhoza kukhala ikuwonongeka n'kuvulaza impso. Zimenezi zimachitika mwa apo ndi apo. Simvastatin sagwirizananso ndi manyumwa komanso ma ARV ena, ndipo mayi woyembekezera ayenera kunena kaye kwa dokotala.

Ndiye yankho langa linali lakuti, "Ababa, musasiye nokha. Tiyeni tikawauze eni ake." Tinakwera minibasi. Adokotala anamvetsera, anayeza magazi, n'kuwasinthira ku atorvastatin. Ananenanso mosapita m'mbali kuti kwa munthu amene anadwalapo kale sitiroko, chakudya chimathandizira mankhwala koma sichingawalowe m'malo. Miyendo inapepuka pang'onopang'ono. Kaya ndi piritsi latsopanolo kaya ndi mantha amene anachoka, Ababa njinga anayambiranso.

Nkhondo yeniyeni inali kukhitchini. Ababa ndi munthu wa nthumbwana za mbuzi ndi mang'ina, komanso mandasi awiri pa tiyi wa m'mawa. Mafuta a nyama ndi majarini wolimba ndi amene amakweza kolesterolo woipa uja, ndipo mafuta a pachiwaya ootchedwa mobwerezabwereza nawonso sachitira mtima chifundo. Zothandiza kumutsitsa ndi zomwe tinali nazo kale kuseri kwa nyumba: nandolo, khobwe, nyemba, therere lobala, nkhwani wotendera nsinjiro, mapeyala, usipa wowiritsa ndi tomato. Nyemba ndi therere zili ndi mtundu wa fiber umene umagwira zinthu zopangidwa kuchokera ku kolesterolo m'matumbo n'kutuluka nazo.

Povuta panali pa ufa. Amayi atamva za mgaiwa anati, "Ine anthu azinena kuti ndalephera kukonola?" Kwa iwo nsima yoyera ndi ulemu wa mkazi pakhomo, mgaiwa ndi wa ana a sukulu yogonera ndi chaka cha njala. Tinagwirizana zoti mgaiwa masiku wamba, ufa woyera Lamulungu ndi pakabwera alendo. Nthumbwana zinakhala za pa Khirisimasi ndi paukwati. Ababa amang'ung'udzabe, koma mbale amatsuka ndi chala.

Chimene chimandigonetsa mochedwa masiku ano ndi ifeyo. Adokotala aja anandiyang'ana n'kunena kuti zinthu zimenezi zimayenda m'banja. Ine ndimadya tchipisi ndi soseji pa siteji ya ku Chileka kanayi pa sabata, tsiku lonse ndili pa laputopu. Mitsempha imayamba kudzaza mwakachetechete zaka zambiri munthu asanagwe. Mwezi wamawa Ababa akamapita kokayezetsa, ndikapereka mkono wanganso. Mlongo wanga ndamuuza kale kuti asunge ya minibasi.