Madisiketi a Malume

Achinyamata ambiri sadziwa kuti kachizindikiro kamene amadina posunga ntchito pa kompyuta ndi chithunzi cha disiketi. Ife amene tidayamba ntchito m'boma cha m'ma 2002 tidaigwira m'manja. Kadali kambale ka mainchesi 3.5 kolowa zinthu zokwana 1.44 MB basi, malo osakwanira ngakhale chithunzi chimodzi chabwino cha pa foni ya lero. Kampani ya Sony idaleka kupanga madisiketi mu 2011.

Malume anga, amene adali mlembi pa ofesi ina ku Zomba, adatisiya mu 2019. M'chitini cha mabisiketi kwathu ku Malosa tidapezamo madisiketi 14, ndipo pa atatu adalembapo ndi bolopeni kuti "Mbumba". Tinkadziwa kuti m'zaka za m'ma 1990 ankakhala pakhonde ndi agogo aakazi, kuwafunsa maina a makolo, kumene adachokera, ndi malire a dimba lathu m'chigwa cha Domasi. Mkangano wa malirewo utabuka, amfumu adafunsa ngati tili ndi mboni. Mboni zonse zidali kumanda, kupatula chitini chija.

Ndidabwereka kwa mnzanga wa ku Blantyre kamakina kowerengera madisiketi kolumikiza pa USB. Ndisanalowetse iliyonse ndinkatsekula kazenera ka pangodya, kuti kompyuta ingowerenga, isalembepo kanthu. Disiketi imasunga mawu pa kachimbale kopyapyala ka maginito, ndipo chinyezi cha m'munsi mwa phiri la Malosa sichikasiya. Yoyamba idali itachita chuku. Idangolira m'makinamo n'kukana. Ziwiri zidatseguka, koma zilembo zake zidali zosokonekera ngati mapazi a nkhuku, popeza malume ankalemba ndi WordPerfect. Pulogalamu ya LibreOffice ndiyo idamasula mfundoyo.

Padatuluka masamba 11. Ndidamva agogo akuyankhula momwe ankayankhulira, akutchula mkuyu, chulu ndi ngalande yakale. Mkuyuwo udakalipo, ndipo mlandu udathera patsinde pake. Zoona, mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Koma nkhaniyo imayambira pakatikati. Chiyambi chake, maina a amene adabereka agogo ndi njira imene adadzera, chidapita ndi chuku.

Ku National Archives ku Zomba, yomwe idakhazikitsidwa mu 1947, kuli mapepala a nthawi ya atsamunda amene aliyense wodziwa kuwerenga angawawerenge. Pepala limangofuna maso. Disiketi imafuna makina ake ndi pulogalamu yake, ndipo zonsezi zimatha msanga kuposa munthu. Zosungidwa pa kompyuta zili ngati mbewu ya chimanga: ikangokhala patsindwi osadzalidwanso, anankafumbwe amaimaliza.

Masamba aja ndidawasindikiza, ndipo mlongo wanga aliyense ali ndi ake m'sutikesi. Inu amene mwasunga mawu a makolo anu mu fulashi kapena m'foni, asamutseni makina owawerengera akadalipo.